Makalata a omvera: njomba za ogwetsana, kuzionetsa kapena kuzibisa?

Takulandiraninso, omvera, yakwana nthawi ya makalata anu. Sabata yatha tinakamba za masewero ogwetsana, judo ndi jiu-jitsu, ndiye mwatilembera osati masewera. Tiyambe ndi iyi ya ku Johannesburg, yochokera kwa mnyamata wakwathu konkuno amene wapempha kuti tisamutchule dzina.

Akuti: "Achimwene, ine usiku ndimagwira ulonda, masana ndimaphunzira jiu-jitsu. Mwezi watha ndinajambula vidiyo yoonetsa momwe ndimamugudubuzira munthu ine ndili pansi, n'kuiika pa Facebook. Aphunzitsi athu anakalipa kwambiri. Akuti ndaulula za m'nyumba, a kalabu ina aziona n'kudzatitchera pa mpikisano. Kodi ndiichotse?"

Zikomo achimwene. Maganizo a aphunzitsi anuwo ndi akale ndithu. Ku Japan, sukulu za jujutsu zinkalemba njira zawo m'mipukutu, ndipo m'zambiri wophunzira ankayamba walumbira kuti sakaulula kunja. Jigoro Kano, amene anayambitsa judo, atatsegula sukulu yake ya Kodokan ku Tokyo mu 1882 anatola njira za m'sukulu zoterozo, n'kuzisanja bwino kuti aliyense wobwera aphunzire. Pofika 1964 judo inali pa Olympics. Sukulu zolumbiritsa zija, lero amazidziwa ndi angati?

Koma amene ndikufuna mukawauze aphunzitsi anu ndi Marcelo Garcia wa ku Brazil. Mkuluyu anapambana kanayi mpikisano wa ADCC, umene ogwetsana opanda jekete (ija amavala a judo) amautenga ngati waukulu kuposa yonse: mu 2003, 2005, 2007 ndi 2011. Kuyambira 2009 anayamba kuika pa intaneti zochitika m'kalabu yake. Sankaika maphunziro okha ayi. Ankaikanso iye mwini akulimbana ndi ophunzira ake, thukuta kamukamu, pena atapanikizidwa. Mdani wake aliyense akanatha kulipira n'kumaonera usiku wonse. Mu 2011 anapita ku Nottingham, ku England, n'kukawinanso ADCC. Mnzake amene anayambitsa naye ntchitoyi, katswiri wa chess Josh Waitzkin, amalongosola kuti Garcia sankadandaula, poti munthu amene wataya nthawi kuphunzira masewero ako walowa m'bwalo lako, m'mene iwe ukudziwa ngodya iliyonse.

Ine ndili mbali ya Garcia, ndinene poyera. Tsiku la mpikisano aliyense wakhala m'mbalimo foni ili m'mwamba. Chinsinsi chanu chimatha pa ndewu yoyamba. Ndipo vidiyo imangoonetsa pamene dzanja lagwira ndi kumene mwendo walowera. Sionetsa kulemera kumene mwamuunjikira mnzanu pachifuwa, kapena kamphindi kamene mumamva kuti watsamira mbali yolakwika. Munthu akhoza kuonera amayi ake akuphika nsima chaka chathunthu, tsiku logwira yekha mthiko n'kutulutsa yamibulu.

Komabe musathamangire kunena kuti wailesi yakuikirani kumbuyo. Njomba munaonetsayo anakuphunzitsani ndani? Aphunzitsiwo amadyera pomwepo, lendi ya holo amalipira ndi luso lomwelo. Nanga mnzanu amene mukumugudubuza m'vidiyomo, nkhope ili poyera, munamufunsa? Pamenepo mpamene munaphonya. Ibiseni kaye vidiyoyo, mupite mukapepese kuti simunapemphe, kenako mukagwirizane. Zimene munagwiritsa kale ntchito pa mpikisano n'zodziwika, palibe chobisa. Zimene mukukonzera mpikisano ukubwerawu zisungeni mpaka udutse. Osewera mpira nawonso amatseka geti akamayeserera mafirikiki.

Kalata yachiwiri yachokera ku Zomba, kwa mayi wa ana awiri aamuna. Akuti: "Bambo, inu mukuwayamikira anthu amenewa koma ine ndikulira. Ana anga amaonera mavidiyo pafoni ya malume awo n'kumapotokolana miyendo kuseri kwa nyumba. Wamng'ono akutsimphina sabata yachiwiri tsopano. Zinthu zimenezi bwanji osaziletsa?"

Pepani mayi. Choyamba, mwanayo mupite naye kuchipatala mawa lomwe, musangomuthowa ndi madzi otentha. Ngati akugwirana chidendene n'kumachipotokola, imeneyo ndi heel hook, ndipo kuipa kwake n'kwakuti wagwidwa kuphazi koma chimene chikuwonongeka ndi bondo. Mitsempha ya m'bondo imatha kuduka munthu asanamve ululu womuchenjeza kuti agonje.

Njira imeneyi inatchuka kwambiri chifukwa cha mavidiyo omwewa. John Danaher wa ku New Zealand, amene ankaphunzitsa ku New York, anagulitsa maphunziro ake a kagwiridwe ka miyendo, ndipo mu 2019 pa ADCC ya ku Anaheim, ku America, dziko linaona Lachlan Giles wa ku Australia, munthu wa gulu la makilogalamu 77, akugonjetsa zimphona zitatu ndi heel hook n'kukhala wachitatu pa gulu losayang'ana sikelo. Mmodzi mwa atatuwo, Kaynan Duarte, anali atangowina kumene gulu la olemera kwambiri. Mwana ataona zimenezo angalephere bwanji kuyesera pa mng'ono wake?

Chimene mavidiyo afupiafupiwa sanena n'chakuti eni masewerowa amaiopa. Bungwe la IBJJF, loyendetsa mipikisano ya jiu-jitsu, linayamba kulola heel hook mu 2021, ndipo kwa akuluakulu okha a lamba wabulawuni ndi wakuda, pa mipikisano yopanda jekete. A judo nawo analetsa kani basami, yodumphira mnzako n'kumupana miyendo ngati sizasi, pambuyo poti yathyola mwendo wa katswiri wa ku Japan Yasuhiro Yamashita mu 1980. Apa ndiye ndikugwirizana nanu, mayi: katswiri amene akuika njira yotere pa TikTok osanenapo kuti si ya ana, ndiponso kuti mnzako akagogoda kusonyeza kuti wagonja umasiya nthawi yomweyo, akulakwa. Kuletsa kokha sikungatheke, mavidiyowo ali kale ponseponse. Muwakhazike pansi anawo pamodzi ndi malume awo eni foni. Ngati akufunadi kugwetsana, ayambe kuphunzira kagwedwe, osamenyetsa mutu kapena kutsamira dzanja. Mu judo limenelo ndilo phunziro loyamba.

Yomaliza ndi yaifupi, yochokera ku Chipata. Bambowa akuti: "Kuno tilibe mphunzitsi wa lamba wakuda. Tilipo anayi, timasonkherana ya bandulo n'kuphunzira pa YouTube. Obisawo akutimana ife."

Mwanena zoona bambo, ndipo kalata yanuyi ndikanakonda aphunzitsi a ku Johannesburg aja aimve. Langizo langa ndi limodzi: musamasinthe vidiyo tsiku lililonse. Tengani imodzi ya kathawidwe munthu atakukhalira pamimba, muibwereze mwezi wonse, wina aliyense ndi anzake atatuwo. Zokanyanga pakhosi ndi zopotokola miyendo zidikire mpaka mudzapeze woyang'anira. Ndipo musachitire pasimenti; ngati mphasa zenizeni zamasewerowa palibe, matiresi akale amathandiza.

Nthawi yatithera. Makalata a nkhonya amene atsala patebulo pano tidzawerenga sabata yamawa.