Kalondoleredwe ka nyumba kumapuloti atsopano

Omvera athu, makamaka inu amene mwangosamukira kumapuloti atsopano ku Area 49, ku 25 ndi mbali zina kumene mzinda wa Lilongwe ukukulira, tcherani khutu. Kungoti "ndimakhala ku 49" simunamulondolere munthu. 49 ndi yaikulu, kuli Gulliver, kuli Shire, kuli Dubai. Yambani ndi dzina la chigawo chanu, kenako msewu wa tala ndi siteji imene mlendoyo atsikire kapena kukhotera. Mumufunsenso kumene akuchokera, chifukwa pa Kaunda Road, dzanja lamanja la wochokera ku Bingu Stadium ndi lamanzere kwa wochokera ku Kanengo. Ambiri amasokera pomwepa.

Tsono nkhani ya zizindikiro. Kumalo kumene anthu akumanga, zinthu zimasintha sabata ndi sabata. Mulu wa njerwa umatha. Nyumba yosafolera ija mawa aifolera. Ambulera wa Airtel Money kapena Mpamba madzulo amamupinda n'kupita naye kunyumba. Geti yakuda ndiye musatchule n'komwe, mageti akuda ali mbwee. Sankhani chinthu chosasuntha: mjigo, chigayo, sukulu, tchalitchi, mzikiti, thiransifoma ya ESCOM. Zizindikiro ziwiri kapena zitatu zakwana, zikachuluka woyendetsa amaiwala choyamba. Powerenga mphambano, werengani misewu yokhayo yolowa galimoto, tinjira ta miyendo ayi, ndipo muwonjezere chizindikiro chomuuza kuti wapitirira: "mukafika pamlatho, bwererani."

Pageti lembanipo nambala ya puloti monga ilili pa mapepala anu a malo. Penti yoyera pamalo akuda, manambala otalika masentimita 10 kapena 15, pamsinkhu wa pachifuwa kuti magetsi a galimoto aziwalapo usiku. Choko ndi makala zimachoka ndi mvula yoyamba. Amene munagula malo kudzera kwa amfumu ndipo nambala mulibe, musapeke yanu, mudzasokoneza ena. Lembani dzina la banja basi.

Potumiza lokeshoni pa WhatsApp, tulukani muime pageti penipeni. M'nyumba, pansi pa malata, foni imalephera kupeza bwino pamene muli, ndiye kadontho kosonyeza malo anu pamapu kamagwera kuseri kwa mpanda wa aneba, mwina msewu winanso. Dikirani pang'ono kuti kakhazikike. Tumizani ya malo amene mwaimapo, osati yoyenda nanu ija, chifukwa imeneyo imatha pakadutsa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8. Jambulaninso geti, mutumize pamodzi. Komabe mawu musawasiye, misewu yambiri yongolambulidwa kumene pamapu sionekera.

Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, khalani ndi njira ziwiri. Yachidule yodutsa kudambo ndi ya kabaza ndi oyenda pansi. Lole ya mchenga kapena kwale muilondolere yozungulira, yolimba, ndipo muuziretu dalaivala ngati pali ngalande yopanda kalavati kapena ngati malo otembenukira palibe. Ikatitimira itasenza, mutsitsa katundu pamsewu n'kulipiranso aganyu otuta ndi mawilibala.

Zonsezi zilembeni uthenga umodzi, muusunge mufoni, pamodzi ndi nambala ya mita ya magetsi ndi ya akaunti ya madzi, poti a ESCOM ndi a Lilongwe Water Board amafunsa zimenezo mukamanena vuto. Pepala lina mulimate kukhitchini, kuti mwana kapena wantchito athe kuwerengera dalaivala pafoni wina akadwala usiku inu kulibe.