Ophunzira za kompyuta akafika ndi mafunso pakhomo panu

Zikomo a tcheyamani. A Gulupu, mafumu onse, amayi ndi abambo, ndakupatsani moni nonse. Dzuwa lakwera kale, choncho ndingolowa m'nkhani.

Ambiri mwa inu mwawaonapo anyamata ndi atsikana a ku Chanco akuyenda ndi mapepala m'manja, kufunsa mafunso pamsika wa Mpondabwino, ku Chinamwali, ena mpaka kunyanja ku Kachulu. Ife timangotibe Chanco, ngakhale kuti kuyambira 2021 sukulu ya ku Chirunga ija ndiyo inatsala ndi dzina la University of Malawi. Ena mwa anawa amaphunzira za kompyuta. Digiri yawo ndi ya zaka 4, ndipo chaka chomaliza amachita pulojekiti. Wophunzira amapeza vuto, n'kulemba mmene akufuna kulithetsera, mphunzitsi womuyang'anira akavomereza amayamba kupanga pulogalamu, amaiyesa, amalemba lipoti, kenako amaima pamaso pa aphunzitsi kuonetsa kuti chinthucho chikugwiradi ntchito.

Tsono chimene chimandidandaulitsa ine n'chakuti ambiri vutolo amalisankha ali kuchipinda kwawo kusukulu konko. Mapeto ake amapanga chinthu chokongola pa laputopu, koma chopanda mwini. Pomwe mavuto enieni muli nawo ndinu, ndipo mumawadziwa kuposa mphunzitsi aliyense.

Titenge banki mkhonde. Amayi a gulu muli pano? Eya, ndaona manja. Ndalama zanu zonse zili m'kope limodzi la alembi. Kope likanyowa, kapena alembi akadwala sabata yogawana, pamabuka mkangano: uyu akuti ndinaponya masheya asanu, kope likuti atatu. Wophunzira angathe kupanga pulogalamu yosunga masheya ndi ngongole, yowerengera yokha chiwongoladzanja, ndipo membala aliyense n'kumalandira uthenga pafoni nthawi iliyonse akaponya ndalama. Koma akangobwera ndi pulogalamu yofuna foni yotsetsereka ndi bandulo, mufunseni kuti, "Kodi pagulu lathu lino mwawerenga mafoni otere angati?" Ambiri tili ndi timafoni tamabatani. N'chifukwa chake wophunzira wochenjera amaganizira njira ija mumagwiritsa kale ntchito potumiza ndalama, yoimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba. Njira imeneyi imatchedwa USSD. Siifuna intaneti, imangofuna netiweki wamba, ndipo imayenda pafoni iliyonse.

Pamenepa mumvetsetse bwino, chifukwa anthu amakhumudwa. Kuti nambala yotere iyambe kugwira ntchito pamafoni anu, pamafunika mgwirizano ndi kampani ya mafoni komanso ndalama zoti zizilipiridwa, zomwe mwana wasukulu alibe. Iye amangoyesera pakompyuta yake, n'kuonetsa aphunzitsi kuti zikutheka. Ndiye akakhoza n'kuchoka, musamati anatinamiza. Mufunseni poyambirira pomwe kuti chinthuchi chidzathera pati, ndipo akachoka adzachisamala ndani.

Zinthu zotere zikapeza wozigwira dzanja zimakula ndithu. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba m'boma limodzi lokha la Balaka mu 2011, lero munthu amaimba foni ali kulikonse m'dziko muno n'kulankhula ndi azaumoyo. Sinali pulojekiti ya mwana wasukulu ayi, koma nzeru yake ndi yomweyi: kuyambira pafoni imene anthu ali nayo kale.

Kwa alimi nkhani ndi ina. Ntchemberezandonda mukuzidziwa mmene zimabowolera chimanga. Pali mapulogalamu, monga ina yotchedwa Nuru, yomwe umaloza kamera ya foni patsamba n'kukuuza ngati lagwidwa ndi mbozi kapena matenda. Anthu amadabwa kuti foni yadziwa bwanji. Palibe zamatsenga. Kompyuta imaphunzitsidwa ngati mwana amene mukumuphunzitsa kusiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha: mumamuonetsa kambirimbiri mpaka diso lizolowere. Wophunzira amajambula masamba ochuluka zedi, athanzi ndi ogwidwa, mlangizi wa zaulimi n'kumanena kuti ili ndi lotere, ili ndi lotere. Zithunzi zina amazibisa, osaionetsa kompyuta, kuti adzaiyese nazo pomaliza n'kuwerenga kuti yalondola kangati, yaphonya kangati. Ngati anaiphunzitsa ndi zithunzi zotola pa intaneti za minda ya kunja, ikafika m'munda mwanu ku Jali, momwe chimanga chasakanikirana ndi nandolo ndi maungu, imasokonezeka. Choncho akapempha kujambula m'munda mwanu, musamuone ngati wosowa chochita. Ntchito yaikulu ili pamenepo.

Ena amapanga timakina toyeza kukwera kwa madzi mumtsinje monga Likangala, toyendera sola, totumiza uthenga pafoni madzi akadutsa mlingo. Titaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, palibe angatsutse kufunika kwake. Koma kamakina kotere mdani wake ndi matope ndi akuba batire, ndipo amene angamuuze wophunzira malo oyenera kukaika ndi inu amene mumawoloka mtsinjewo tsiku ndi tsiku.

Tsopano za ufulu wanu, a mfumu mundimvere pamenepa. Wochita kafukufuku aliyense azionetsa kalata yochokera kusukulu kwake, ndipo adzere kwa mfumu asanalowe m'mudzi. Akufotokozereni m'Chichewa chomveka chimene akufuna, ndi kumene mayankho anu akupita. Mukhoza kukana, mukhozanso kusiya pakati, palibe mlandu. Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money musapatse munthu, ngakhale atavala taye. Palibe kafukufuku amene amafuna nambala imeneyo. Akafuna kujambula chiphaso chanu cha unzika kapena kabuku kanu ka kuchipatala, funsani chifukwa chake, ndipo ngati yankho silikukugwirani mtima, kanani. Kope la banki mkhonde asalitenge kupita nalo. Akope manambala pomwepo, maina a anthu awasiye.

Komanso musamayankhe zongomusangalatsa. Ife Amalawi tili ndi khalidwe loti mlendo akatifunsa ngati chinthu chili bwino timati chili bwino kwambiri, chonsecho sitinamve n'komwe. Ngati zilembo zachepa, nenani. Ngati mawu ali m'Chingelezi ndipo simukuwamva, nenani. Ngati mwakanika kudina, ndiye kuti pulogalamuyo ndi imene yalephera, osati inu, ndipo wophunzirayo akufunika kulemba zimenezo mu lipoti lake.

China chimene mumaiwala kupempha: akamaliza abwerenso adzakuuzeni zimene anapeza, ngakhale atangoima pansi pa mtengo uno kwa mphindi khumi. Muzimuuza zimenezi tsiku loyamba lomwelo, a mfumu ali pomwepo.

Ndapempha alembi a komiti ya chitukuko kuti atsegule tsamba m'kope lawo. Amene muli ndi vuto la kalembera, la mawerengero kapena la mauthenga ochedwa kufika, kaya ndi za mjigo, za kusikelo kapena za mitengo ya mpunga, mukalembetse kwa iwo tikabalalika, kuti wophunzira akadzabwera adzapeze poyambira. Amayi a kumbuyoko akweza dzanja kalekale. Tiyambire kwa inu, mayi.