Gawo la lero: besi ndikuphunzirira ku Scotland, aphunzitsi ali ku Chinamwali

Moni moni abale anga a ku Zomba, inu a ku Matawale, ku Sadzi, ku Chikanda, a ku Mpondabwino amene mukumvera muli pa geni, komanso nonse muli kunja ngati ine. Mwaswera bwanji? Ine kuno ndili bho, kungoti kukuzizira, koma za kuzizira tisaziyambe chifukwa tikaziyamba tithera pompo.

Lero ndiyankha funso lomwe labwera kwambiri pa WhatsApp. Gawo lapita lija munamva kaphokoso ka duu duu kumayambiriro kuja, nde ena mwafunsa kuti achemwali kodi mwalemba bandi ganyu? Ayi ndithu, ndinali ine ndemwe, ndi zala zangazi kkkk. Ndikuphunzira gitala ya besi. Komanso pali achimwene ena a ku Jali, dzina sinditchula, alemba kuti iwonso amalakalaka besi koma kwawoko kulibe owaphunzitsa, eti inu kunjako zimaphweka. Achimwene, kokani mpando ndikuuzeni za kuphwekako.

Anthu mukamva kuti UK mumangoganiza London, mabasi ofiira aja. Ine ndili ku Caithness, kumapeto kwenikweni kwa Scotland kumpoto, tauni yapafupi ndi Thurso ndipo sindikhalanso mu Thurso mwenimwenimo, ndili kakumudzi kena kunja kwake komwe nkhosa ndi zambiri kuposa anthu. Ukaima kugombe kunja kukayera umaona zilumba za Orkney. Mzinda woti nkuutcha mzinda ndi Inverness, pa sitima pafupifupi maola 4, kupita kokha. Ntchito yanga mukuidziwa, yosamalira agogo, mashifiti a maola 12, nde mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, umapita kuntchito kuli mdima nkubwerako kuli mdima, ukafika kuchipinda nkungokhala duu kuyang'ana khoma. Munthu umayamba kuganiza zambiri. Ndi mdima umenewo womwe unandipangitsa kugula besi yakale pa Facebook Marketplace ndi ka ampu kakang'ono kokuzira mawu, ndinati bola ndizilimbana ndi mawaya kusiyana nkumangolira.

Chilakolako chake nchakale. Ine ndakulira mu kwaya, ndimaimba alto, ndipo mukudziwa mmene zimakhalira kumatchalitchi kwathu, atsikana timaima kutsogolo kuimba ndi kuvina pomwe zida zonse nza anyamata. Ukangoyandikira besi ija umamva "iwe siya udula waya". Nde ndinkangoisirira patali, ngakhale anyamata a babatoni aja akamaimba mumsewu ine maso sanali pa woimbayo, anali pa mtengo wautali uja ndi waya umodzi, mmene akuutsetserekera ndi botolo.

Tsono gitala ndagula, wondiphunzitsa ndimupeza kuti? Kuno nyimbo amazikonda heavy, musaone ngati nkotsalira, koma zida zawo ndi bagpipe, fiddle ndi accordion. Ukafuna zimenezo mphunzitsi umupeza mawa lomwe. Besi ayi. Omwe ndinawapeza anali ku Inverness, nde werengerani nokha, maola 8 pa sitima kupita ndi kubwera kuti ukaphunzire ola limodzi, tikiti yake, kuphatikiza mtengo wa olalo womwe umaposa zomwe ine ndimalandira pa maola awiri ndikunyamula agogo. Komanso shifiti yathu simadziwika, sabata ino uli masana ya mawa uli usiku.

Panapezeka bambo wina wapafupi wophunzitsa gitala wamba, anati bwerani, besi ndi gitala yomweyo angochotsako mawaya awiri. Apa nde ndikukana mpaka lero. Inde mawaya anayi aja, E, A, D ndi G, ndi ofanana ndi mawaya anayi akuluakulu a gitala wamba kungoti amalira pansi kwambiri, zimenezo nzoona. Koma khosi la besi ndi lalitali, mipata yake ndi yotalikirana, mawaya ndi onenepa, ndipo ntchito yake ndi ina. Wa gitala amakongoletsa nyimbo pamwamba, wa besi amayenda ndi phazi la wa ng'oma. Mwina uziliza manoti atatu okha nyimbo yonse koma ukaphonya pang'ono kwaya yonse imasokonekera masitepe. Bambo aja anali munthu wabwino koma ankandiphunzitsa ngati ndikukonzekera kudzakhala wa gitala tsiku lina.

YouTube nayo ndadya nayo mabandulo, kuno ndi WiFi koma mwamva zomwe ndikutanthauza. Muli zambiri zaulere ndipo sindinganyoze, kutchuna ndinaphunzirira momwemo, kagwiridwe, mayina a manoti. Vuto lake ndi limodzi, vidiyo simakuona. Ukhoza kupinda dzanja molakwika miyezi ndi miyezi iyo nkumangokuuza kuti wachita bwino, mpaka mkono kuyamba kuwawa, nde ntchito yathu ino ya manja tangoganizani. Chinanso nyimbo zake ndi za rock ndi blues, zabwino ndithu, koma ine ndinkafuna kayendedwe kaja ka kwathu, kaja kamagwedeza mabenchi pa paper Sunday, reggae ya ku Balaka ija, manganje.

Zophunzira pa vidiyo call nazonso zili ndi zake, ndipo apa mvetserani amene mukufuna kuyesa. Mapulogalamu oimbiranawa anawapangira mawu a munthu, nde akamva kulira kwa besi amayesa ndi phokoso la jenereta nkulidula, mphunzitsi amangoona zala zikuyenda osamva kanthu. Pa Zoom pali poti mutsegule polembedwa Original sound, mukatero nde imamveka. Koma ngakhale zitero simungaimbire limodzi nthawi imodzi, mawu amafika mochedwa pang'ono, ndipo pa besi pang'ono pomwepo ndi nkhani yonse.

Nde mmene zinakhalira. Msuweni wanga anaika pa status kavidiyo ka ukwati wina ku Zomba konko, aliyense akuyang'ana akwati koma ine khutu linali kumbuyo, ndinati amene akuliza besiyo ndani? Anati ndi achimwene ena a ku Chinamwali, amaimba kutchalitchi ndi m'maukwati, masana amakonza mafoni. Ndinapempha nambala. Atamva kuti ndili ku Scotland anaseka mpaka kutsokomola, eti achemwali mwachoka ku Zomba kupita kwa azungu kuti mudzaphunzire gitala ku Chinamwali? Ndinati eya, nanga nditani.

Sitiimbirana ayi, netiweki ndi magetsi sizingalole, komanso nthawi yathu imasiyana, nyengo yozizira kuno inu mumakhala patsogolo ndi maola awiri, yotentha ola limodzi. Timangotumizirana mavidiyo. Iwo amatsamiritsa foni pa njerwa pakhonde, nkukhala pa kampando, nkuliza kachidutswa kakafupi kaye pang'onopang'ono kenako pa liwiro lake, kumbuyo ukumva njinga zamoto za kabaza, tambala, mwana akulirira mandasi. Ine ndikaweruka ndimaonera mobwerezabwereza, kuyeserera, nkujambula yanga zala zikuoneka bwino nkutumiza. Kukacha ndimapeza voice note yandidikirira, ndimamvera ndili pa basi.

Ndipo ma voice note amenewo ndi omwe ndimalipira, osati mavidiyo. "Achemwali, chala chaching'onocho mukusungira ndani? Chigwire ntchito." Kapena, "Mukuthamangira kuti kodi, ku Songani? Msika sunayambe, dikirani ng'oma." Anaona pa vidiyo yoyamba yomwe kuti chala chachikulu ndimachikoleka pamwamba pa khosi la gitala nkumafinya, anati chitsitseni kumbuyo, lamba mufupikitse gitala ikwere, mkono unasiya kuwawa. Anandiuzanso chinthu chomwe sindinkachimva ndi makutu anga, kuti ndikamaliza waya umodzi enawo amangong'ung'udza okha chapansipansi nkumadetsa nyimbo, nde theka la ntchito ya besi ndi kukhazika chete mawaya omwe sukuwafuna. Milungu yambiri tinathera pa zimenezo basi, ine kunyansidwa, iwo osasuntha.

Kaphunzitsidwe kawonso nkakwathu. Samanena kuti pitani pa G kapena pa C, amati do, fa, so, monga mmene timaphunzirira mu kwaya, nde ukadziwa pomwe pali do wako zala zimadziwa zokha kopita, woyambitsa nyimbo akakwera kapena kutsika iwe umangosuntha dzanja lonse. Mukudziwa amayi a mvano sayamba nyimbo pa kiyi yomwe munagwirizana, amayambira pomwe mzimu wawafikitsa kkkk. Ndipo lamulo lawo ndi loti usanakhudze waya uyambe waimba mzerewo pakamwa, dum dum du-dum, ukalephera pakamwa zala sizingathe. Anzanga okhala nawo nyumba amandimva ndikuchita dum dum ku kitchini nkumayang'anizana.

Kanthu kena kakang'ono, mavidiyo a besi musamamvere pa sipika ya foni. Waya waukulu uja wa E umalira pansi zedi, kasipika ka foni sikangakwanitse, mumangomva kwe kwe kwa zala. Mahedifoni, ngakhale otchipa a mumsika, amasintha zonse.

Tsono za ndalama, apa ndiyankhule ndi anzanga muli kunja. Tili ndi khalidwe lina loipa, mzungu akatitchulira mtengo timalipira osatsutsa, koma luso la m'bale wathu kumudzi timafuna laulere, eti tingogula ka units. Ayi. Achimwene aja poyamba ankakana, amati ndi utumiki, ndinati utumiki ndi Lamulungu, izi ndi ntchito. Tinagwirizana mtengo pamwezi kuphatikiza bandulo, ndimatumiza imafikira pa Mpamba. Chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 muja zinthu zochokera kunja zinakwera moti mawaya atsopano a besi ambiri sakuwakwanitsa. Iwo mawaya akafooka mawu amawachotsa nkuwawiritsa mu poto kuti litsiro ndi thukuta zichoke, nkuwaumitsa, nkuwabwezeretsa, amaliranso bwino kwa kanthawi. Anandionetsa pa vidiyo poto ali pa mbaula mawaya atapindidwa mkati, mayi a kunyumba akudandaula chapatali kuti poto wa ndiwo ameneyo. Pano wina akamapita kumudzi ndimamupatsira paketi ya mawaya, silemera nkomwe.

Kuimba pagulu nako ndayamba pang'ono, kuntchito komweko. Pali agogo ena aamuna ankaliza accordion m'madansi akale, zala zikadali zakuthwa ngakhale dzina langa amaiwala tsiku ndi tsiku, nde masana ena ndimabweretsa ka ampu kanga nkumawatsatira. Tikafika pa nyimbo za tchalitchi nde zimadabwitsa, zambiri zomwe timaimba ku CCAP iwo amazidziwa m'Chingerezi, paja amishoni a Church of Scotland ndi omwe anatsegula Blantyre mu 1876 kenako Domasi mu 1884. Ine kuimba Chichewa iwo chawo, besi pakati. Kungoti ndikaika kakudumpha kaja ka ku Chinamwali agogo amandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kuno nyimbo ya Mulungu saivinira, kuli matchalitchi ena amaimba masalimo okhaokha popanda chida nchimodzi chomwe.

Nde achimwene a ku Jali, mwaonatu kuti pa nkhani iyi inu muli pafupi kuposa ine. Aphunzitsi anga inu mukhoza kukwera minibasi nkukawagwira chanza, ine ayi. Ndipo sikuti ndi iwo okha, pafupifupi tchalitchi chilichonse chokhala ndi zida chili ndi mnyamata wa besi, ku Chanco kuli ana ophunzira za nyimbo omwe sangakane kangachepe, amene angathe kufika ku Lilongwe kuli sukulu ya nyimbo ya Music Crossroads ku Area 23. Simufunika kukumana naye sabata iliyonse, kamodzi pa nthawi akuoneni manja, zotsalazo pa foni. Ngati gitala mulibe, besi ya kutchalitchi imagona mu kabati kuyambira Lolemba mpaka tsiku la mapulakatisi, kapempheni kwa akuluampingo mwaulemu, muzikayeserera konko iwo akuona. Apo ayi gitala wamba yomwe ija, mawaya anayi akuluakulu aja, yambirani pomwepo kudziwa pomwe pali do ndi so, mukadzagwira besi yeniyeni mudzangovutika ndi kutambasula zala. Mavidiyo muzikatsitsa mukapita kutauni komwe netiweki ili bwino. Ndipo ngati kwanuko kuli mtsikana amene amangozungulira pafupi ndi zida, mupatseni agwireko, waya suduka ndi kugwira.

Amene mukufuna nambala ya aphunzitsi ndilembereni ku inbox, ndiyambe ndawafunsa kaye, pano sindingaitchule. Gawo la mawa tikamba zotumiza katundu kumudzi, ambiri mwafunsa za madiramu aja kuti amatenga nthawi yaitali bwanji komanso zomwe simuyenera kuikamo. Ine ndithamange, ndili ya usiku lero ndipo yunifolomu sinaume. Tsalani bwino abale, mupereke moni kunyumba.