Kodi Kuzizira Kungang'ambe Mtsempha Waukulu wa Mtima?

Pa 25 Okutobala 1760, Mfumu George II ya ku Britain inadzuka m'mawa, n'kumwa chokoleti chake, kenako n'kulowa kuchimbudzi. Wantchito wake anangomva chinthu chikugwa kuti phi! Dokotala Frank Nicholls atapima mtembo, anapeza kuti mtsempha wa aorta unali utang'ambika. Unali m'mawa, m'mwezi umene ku London kumakhala kutayamba kuzizira. Zinthu ziwirizi muzisunge, tizipezanso kutsogoloku.

Takulandirani abale anga. Ngati ndi koyamba kutionera, dinani subscribe ndi kabelu kaja, tipitirize.

Mwachangu: aorta ndi mtsempha waukulu kuposa yonse m'thupi, umachoka mumtima n'kutsika mpaka m'mimba. Khoma lake lili ndi zigawo zitatu. Chamkati chikang'ambika, magazi amalowa pakati pa zigawozo n'kumazisenda ngati khungwa la mtengo. Madokotala amati aortic dissection. Ikachitikira pafupi ndi mtima, ija amati Type A, ndi opaleshoni yamwamsanga basi, chifukwa popanda chithandizo, pa anthu 100 alionse mmodzi kapena awiri amamwalira ola lililonse m'maola oyambirira. Ola lililonse!

Nanga nyengo ikulowa bwanji?

Choyamba, kukazizira timitsempha ta pakhungu timafinyika kuti thupi lisataye kutentha. Magazi omwewo, njira yachepa. BP imakwera.

Chachiwiri, m'mawa. Munthu akamadzuka BP imakwera yokha, ndipo kaundula wa odwala matendawa wotchedwa IRAD, amene anayamba mu 1996, anaonetsa kuti ambiri amadwala pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 12 koloko masana, komanso m'nyengo yozizira. Ndiye taganizani: munthu wa zaka 60, BP yake ndi yokwera kale, mankhwala anasiya mwezi watha, watuluka m'bulangete lofunda n'kuponda simenti yozizira. Mfumu ija mwaikumbukira?

Chachitatu, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa zimandipweteka mutu. Ndikalankhula nkhaniyi pamapezeka wina wolemba m'makomenti kuti, "Aaa, izo ndi za kumayiko a chipale chofewa. Kopanda chipale chofewa kulibe vuto." Achimwene, ayi. Ofufuza a IRAD aja mu 2005 anayerekeza odwala a m'madera ozizira kwambiri ndi a m'madera ofundirapo. Konseko odwala ankachuluka m'nyengo yozizira. Konseko! Thupi lanu silidziwa kuti ku Moscow kukuzizira bwanji lero. Limadziwa zimene linazolowera. Ngati linazolowera kutentha ndiye usiku umodzi kwazizira mwadzidzidzi, mitsempha imafinyika chimodzimodzi. Kafukufuku wina wamkulu wa ku China anapezanso zomwezo, kuti si kuzizira kokha ayi, koma kutsika kwa kutentha pakati pa dzulo ndi lero. Ndipo nyumba za kumayiko a chipale chofewa zambiri zili ndi zotenthetsera. Amene amagona m'nyumba yolowa mphepo, wopanda juzi chifukwa "kuno sikuzizira", ndi ndani? Tandiuzeni m'makomenti.

Koma musandimve molakwika n'kuyamba kuopa mphepo iliyonse. Kuzizira sikung'amba mtsempha wabwinobwino. Kumangomalizitsa khoma lomwe linafooka kale. Pa odwala 10, oposa 7 amakhala kuti anali ndi BP yokwera. Ena ndi osuta fodya, ena anabadwa ndi matenda a Marfan amene amafooketsa khoma la mitsempha, ena a m'banja mwawo anadwalapo. Amuna ndi amene amachuluka.

Chachinayi, valani zofunda. Ndatha.

Chachisanu, yezetsani BP m'miyezi yozizira, osati pokhapokha mutu ukamawawa, chifukwa BP yokwera nthawi zambiri siwawitsa kalikonse. Mankhwala musasiye chifukwa choti mukupeza bwino. Za kayezedwe ka BP kunyumba tinapanga kale vidiyo, ulalo wake uli m'munsimu.

Tsopano imani kaye, ngati mukuphika tsitsani moto, mvetserani. Ululu wa kung'ambika kwa aorta umabwera kamodzin'kamodzi, wadzaoneni kuyambira sekondi yoyamba, pachifuwa kapena kumsana pakati pa mapewa. Odwala ambiri amati zimakhala ngati china chake chikung'ambika mkati. Ena amakomoka, ena mkono kapena mwendo umachita dzanzi. Zikatero, kuchipatala nthawi yomweyo. Musadikire kuti kuche, musayendetse galimoto nokha, ndipo musathamangire aspirin poganiza kuti ndi mtima chabe, chifukwa aspirin amalepheretsa magazi kuundana, pamene apa vuto ndi mtsempha wong'ambika. Mukafika, nenani mosabisa kuti ululuwo unayamba mwadzidzidzi ndipo ukulowera kumsana. Mawu amenewo ndi amene angachititse dokotala kuganiza za CT scan, makina ojambula m'kati mwa thupi.

Vidiyoyi itumizeni kwa amalume aja amene anasiya mankhwala a BP. Sabata yamawa tikamba za matenda a Marfan, ndi chifukwa chake dokotala amayang'anitsitsa zala za munthu wamtali kwambiri.