Munthu wolangiza za chuma: njira yomwe amadzera

Zikomo a mfumu potipatsa bwalo. Amayi ndi abambo, nanunso achinyamata kumbuyoko, senderani kufupi, nkhaniyi ikukukhudzaninso.

Masiku ano achuluka anthu obwera ndi tayi pakhosi nkumati, "Bweretsani ndalama ndikuchulukitsireni." Ndiye ndati tikambirane za mlangizi weniweni wa za chuma, komwe amachokera ndi zomwe amachita, kuti pomupatsa thukuta lanu muzidziwa amene mukumupatsayo.

Ntchitoyi sailowera pawindo. Mwana amayamba wakhoza bwino masamu pa MSCE. Ena amapita ku MUBAS ku Blantyre, ija tinkaitcha Polytechnic, kukaphunzira za akaunti ndi bizinesi. Ena amadzera ku Malawi College of Accountancy nkulemba mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri a za akaunti m'Malawi muno. Akatero amakayamba pansi, ku banki, ku inshulansi kapena ku kampani yosunga penshoni, zaka ndithu akuonera akuluakulu. Olimba mtima amawonjezera CFA, mayeso ochokera ku America a magawo atatu, owerenga usiku ataweruka kuntchito. Atsikana, mukundimva? Njirayi ndi yanunso.

Tsono mlangizi wotere mukakhala naye pansi, sathamangira kukugulitsani kanthu. Amayamba ndi mafunso, ena ochititsa manyazi. Muli ndi ana angati? Fizi mumalipira zingati? Muli ndi ngongole ya katapila? Ku banki mkhonde mumaponya zingati? Mukapuma pantchito mudzakhala kuti? Mukadwala mawa, banja lidzadya chiyani? Ali ngati dokotala, sapereka mankhwala asanakupimeni.

Akamva zonsezo m'pamene amakuwonetsani njira. Mukukumbuka mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti? Amene anasunga ndalama pansi pa mphasa anadzuka ili yomweyo, koma yosakwananso kugula feteleza amene ikanagula kale. Mlangizi amadziwa kuti ndalama ina mutha kubwereketsa boma kudzera mu ma treasury bill a masiku 91, 182 kapena 364. Ina mutha kugula masheya, kutanthauza kagawo ka umwini wa kampani, pa msika wa Malawi Stock Exchange, pomwe NICO inali kampani yoyamba kulowapo mu 1996. Ndipo woona mtima amakuuziranitu kuti masheya amakwera, amatsikanso.

Gawo lomwe ine limandigwira mtima ndi la chuma cha masiye. Tonse taonapo mayi akulandidwa nyumba ndi mbuzi maliro asanathe nkomwe. Lamulo la 2011 linaletsa kulanda katundu wa amasiye, komabe mavuto amachepa kwambiri ngati mwini chuma analemba wilo ali moyo. Mlangizi wabwino amakukumbutsani zimenezi, ngakhale ife timaopa kuti kulemba wilo nkudziitanira imfa. Amakukumbutsaninso kulembetsa mayina a odzalandira penshoni yanu, ija mumadulidwa 5 peresenti abwana nkuikapo 10.

Ndiye wina akabwera, mufunseni zinthu ziwiri osachita manyazi. Choyamba, chiphaso: makampani osunga ndi kuyendetsa ndalama za anthu amapatsidwa chilolezo ndi Reserve Bank of Malawi, iye akuimira kampani iti? Chachiwiri, amalipidwa ndi ndani? Ngati amadya komishoni pa chomwe akukugulitsanicho, anene poyera. Wolonjeza kuti ndalama yanu ibereka kawiri pamwezi, mutsanzikeni mwaulemu.

Agogo uko mwakweza mkono. Funsani, tikumva.