Chimanga cha m'dambo ndi madzi a pampopi

(Kamera ikuonetsa mizere ya chimanga m'mbali mwa mtsinje wa Marimba, m'mawa)

Mwadzuka bwanji abale anga a kuno ku Harare, a ku Mufakose, Mbare, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Epworth? Taonani pamene ndaima pano. Nsapato zanga zalowa m'matope, chikhalirecho mvula sinagwe sabata yonse. Pano ndi padambo.

Agogo anga ankalima malo ngati ano. Makolo awo anachoka ku Dedza kudzafuna ntchito, ndipo iwo anabadwira konkuno. Anzathu achishona ikafika nthawi yadzinja amapita kumusha kwawo n'kubwerako ndi matumba a chimanga. Ife ambiri mudzi woterowo tilibe kuno, munda wathu ndi kachigawo ka dambo komweka. Chaka china chimanga chitangoyamba ngaiyaye, kunabwera amuna ndi zikwanje n'kuchigwetsa chonse. Agogo anakhala pamzere, khasu lili pamiyendo, osalankhula kanthu mpaka dzuwa linafika paliwombo. Ine ndinali mwana, ndinangokwiya. Panopa ndikudziwa kuti nkhaniyi ili ndi mbali ina, ndipo mbaliyo ndi ya madzi.

(Mapu a Harare, mitsinje ikuoneka yabuluu)

Mzinda wathu uli kumtunda, nyanja imene timamwa ili kumunsi. Mukuvisi ndi Marimba imatenga madzi a m'tauni muno n'kukathira mu Lake Chivero, yomwe inamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame. Kuchoka kumeneko madzi amakayeretsedwa ku Morton Jaffray, kenako amapopedwa kubwerera kwa ife. Ndiye chilichonse chimene tataya mumtsinje, kaya feteleza, kaya zam'suweji, chimatipezanso m'kapu.

Dambo ndiye sefa yathu. Udzu wake umagwira dothi, nthaka yake imamwa mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe, ndipo zitsime zathu zimadalira madzi omwewo. Tikalitipula n'kukumba ngalande, limauma. Akamangapo nyumba ndiye kutheratu. Amene munali ku Budiriro ndi Glen View mu 2008 mukukumbukira kolera, yomwe inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, n'kudzabweranso mu 2018. Zifukwa zake zinali zambiri, makamaka mapaipi ophulika ndi mipopi youma, koma tonse tinaona zimene madzi oipa amachita pakhomo.

Lamulo lilipo. Lamulo la zachilengedwe la Environmental Management Act limaletsa kusokoneza dambo popanda chilolezo cha EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo kulima pamtunda wosakwana mamita 30 kuchokera pamtsinje n'koletsedwa. Chimene chimandipweteka n'chakuti chikwanje chimafika msanga pa mizere khumi ya mayi wamasiye, pomwe zipupa za njerwa zikukwera padambo lomwelo. Njala nayo si yonama. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ali ndi zonse ziwiri: ndime 73 imatipatsa ufulu wa chilengedwe chosavulaza thanzi, ndime 77 ufulu wa madzi aukhondo ndi chakudya chokwanira. Palibe amene ayenera kutiuza kuti tisankhe chimodzi.

(Zithunzi za udzu wautali ndi mbalame ku Monavale)

Awa ndi malo a Monavale Vlei, amene amathira madzi mu Marimba yemweyu. Anthu okhala kumeneko sanadikire boma. Mu 2005 anapanga gulu lawo, Conservation Society of Monavale, n'kuyamba kulondera dambolo, kuzula zomera zachilendo, kulemba mbalame zimene zimabwera, ndi kukana akafuna kumangapo. Mu 2013 dambolo linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, limodzi ndi Cleveland Dam ndi Lake Chivero. Ena munena kuti amenewo ndi a kumayadi, ali ndi maloya. Zoona. Koma chimene anayamba nacho ndi kukumana, kulemba, ndi kusatopa kugogoda pa zitseko za maofesi, ndipo zimenezo sizifuna ndalama zambiri.

Ifenso tili ndi polowera. Ndime 43 ya malamulo omwe aja a 2013 inazindikira kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe, kholo lake lili la ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndi nzika, bola ankakhala m'dziko muno nthawiyo. Khansala wa wadi yanu ndi wanunso. Khonsolo ikalengeza mitengo yatsopano ya madzi kapena zinyalala, pamakhala masiku 30 otsutsa, ndipo anthu 30 akalemba madandaulo, lamulo la makhonsolo la Urban Councils Act limati nkhaniyo iunikidwenso. Anthu 30! Gulu lathu la maliro lokha limaposa pamenepo. Ndime 149 imalolanso nzika iliyonse kupereka pempho ku Nyumba ya Malamulo. Mabungwe ngati Harare Wetlands Trust ndi Combined Harare Residents Association akhala akugwira ntchito imeneyi, mukhoza kuwafikira.

Tikapita kumsonkhano wa wadi tisamangodandaula za chimanga chodulidwa. Tipite ndi pempho lomveka: khonsolo itisonyeze malo ouma amene tingalime mwalamulo, iwalembe, iuze anthu mvula isanagwe, osati chimanga chitafika m'chiuno. Ifenso tivomere kuchoka m'mphepete mwa mtsinje ndi pakati pa dambo. Amayi a kumpingo ndi a chipereganyu ndi amene akudziwa yemwe amalima pati, iwo ndiwo atsogolere kulemba mainawo.

(Wolankhula akutulutsa kope m'thumba)

Kwathu tayamba ndi kope ili. Muli maina a olima, kukula kwa munda uliwonse, ndi zithunzi za pafoni zosonyeza pamene suweji imatayikira mumtsinje, chilichonse ndi tsiku lake. Tikukumana Loweruka masana tikaweruka kumsika, ndipo kalata yopita kwa khansala tidzailembera pomwepo.