Kapulasitiki ka mu mjigo kamatha dala

Zikomo a gulupu, zikomo mafumu, a komiti ya mjigo, amayi ndi abambo nonse. Ine ndimaphunzitsa za makina kuyunivesite, ndipo kafukufuku wanga ndi wofuna kudziwa chimene chimadya zitsulo zikamakhulana. Ophunzira anga amaziwerenga m'mabuku, koma zitsulozo zimathera kuno kumudzi, n'chifukwa chake ndabwera.

Mjigo wanuwu dzina lake ndi Afridev, ndipo mbiri yake inayambira kwathu konkuno. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, kuchigwa cha Livulezi ku Ntcheu, akatswiri ankayesa mjigo wotchedwa Maldev. Kenako anakaukonzanso ku Kenya, n'kukhala uwu tikujigawu, wotha kukoka madzi pansi mpaka mamita 45. Ankafuna mjigo woti eni mudzi azimasula okha ndi sipanala imodzi, osadikira galimoto yochokera kuboma.

Tsopano taonani ichi chili m'dzanja langa. Agogo, tachigwirani, mupatsirane. Awa ndi mabushi. Ndi apulasitiki, ndipo mu mjigo umodzi amakhala anayi: awiri pomwe handulo imazungulira, awiri pomwe yakolowekera marodi, zitsulo zazitali zija zotsikira pansi pa mjigo. Ili ndi latsopano, losalala. Ili linalo tinalichotsa pa mjigo wina, mbali imodzi yapyapyala ngati chikhadabo, ndipo lang'aluka.

Anthu amandifunsa kuti, bwanji sanaike zachitsulo zoti zikhalitse? Funso labwino, ndipo ophunzira anga a chaka choyamba amafunsanso lomwelo. Zinthu ziwiri zikamakhulana tsiku ndi tsiku, china chiyenera kutha basi. Ndiye anasankha dala kuti chizitha ndi kapulasitiki kotchipa, kuti pini yachitsulo ndi mutu wa mjigo zipulumuke. Kakatheratu inu osasintha, chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, bowo limakula, ndipo pamenepo bushi latsopano silikhalanso bwino. Ndalama ya kapulasitiki yasanduka ya mutu wonse wa mjigo. Zimandipweteka mtima ndikapeza mjigo wafa chonchi, amayi abwerera kukatunga kudambo.

Mjigo umayamba kudandaula usanafe. Gwirani handulo, muigwedeze cha kumanja ndi kumanzere. Ikamagwedera, kapena ikamalira kwekwe, mabushi atha.

Pali mayeso ena awiri osafuna sukulu. Jigani madzi, musiye mjigo upume mphindi 30, mubwererenso. Mukajiga koposa kasanu madzi asanatuluke, ndiye kuti akuthawira pansi, vavu ya pansi yoletsa madzi kubwerera, kapena mpira wake, watha. Achiwiri, ikani ndowa ya malita 20, mujige ka 40 kuchokera m'mwamba mpaka pansi, kwa mphindi imodzi. Mjigo wabwino umatsala pang'ono kuidzaza. Madzi akapanda kufika ngakhale theka, itanani makaniki wa m'dera lanu.

Ndinenepo za ana. Sindikuwaletsa kutunga, ayi. Koma kujiga kwawo kwa kaphakapha, komenyetsa handulo pansi kuti gu! gu!, n'kumene kumathyola marodi. Mukafuna kudula waya opanda pulayala mumatani? Eya, mumaupinda uku ndi uku mpaka waduka. Chitsulo chimatopa. Kamng'alu kosaoneka ndi maso kamayamba pa rodi, kamakula pang'onopang'ono, tsiku lina m'mamawa handulo yangopepuka, madzi palibe. Aphunzitseni kujiga modekha, mkono uziyenda ulendo wonse.

A komiti, ndili ndi pempho. Mabushi ndi mipira yakutha musataye. Muziika m'kajumbo, n'kulemba m'kope tsiku limene mwasintha. Ophunzira anga akamabwera adzaziyeza, tidziwe kuti pa mjigo wa anthu ochuluka ngati uno zimatenga miyezi ingati, kuti muzigula zisanathe.

A gulupu, mukatilola, tinyamuke tonse tipite pamjigopo. Sipanala ndabwera nayo, koma lero amasule ndi amayi a mukomiti, ine ndingoima pambali.